Mlangizi Amene Njiri Anaitana

Padangokhala, masiku aja nyama zisanatope ndi kuweta mbuzi, panali mudzi wina wa m'malire umene akuba ankaukonda kuposa eni ake. Mbuzi zinkasowa dzuwa likuswa mtengo. Zikangowolokera tsidya ndiye kuti zapita, chifukwa lamulo linali lakuti wa tsidya lino sawoloka kukasaka chiweto, ndipo Ng'azi, msilikali wa pamalire, pa malamulo onse amene anaphunzira ankakumbukira lokhalo.

Eni mbuzi atatopa ndi kulira anapanga Bungwe Loteteza Ziweto. Pampando anaikapo Njiri, osati chifukwa cha nzeru, koma poti mano ake ankaoneka ngati a munthu woti tsiku lina angadzachite kanthu. Nungu naye anati bungwe lopanda nyuzipepala ndi gule wopanda ng'oma, choncho anayambitsa yake n'kuitcha Mfuu. Ankazula munga pamsana pake, kuuviika m'mwaye wosungunula, kulemba tsamba lalikulu limodzi, n'kulikhoma pa mkuyu wa pamsika Lachiwiri lililonse. Patsambapo pankakhala mayina a akuluakulu a bungwe, zizindikiro zimene aliyense anacheka pa makutu a mbuzi zake, ndiponso njira imene alonda adzalondere mlungu umenewo, tsiku lake ndi wowatsogolera. Anthu ankaunjikana pamkuyupo, aliyense kufunafuna dzina lake, akalipeza n'kumapita kwawo akunyada.

M'mudzimo munali mkamwini wina dzina lake Likongwe. Analibe udindo, analibe munda wakewake, ndipo ngakhale mphasa imene ankagonera inali ya kuchikazi. Apongozi ake, mai Nkhanga, anamuikiza mbuzi yawo imodzi yokhayo, mkota wakuda umene unali utangoswa kumene, kuti aziusamala. Tsiku lina iye ali kumunda kwa apongoziwo, mkota unabedwa, kamwana kake n'kutsala kakulira m'khola.

Madzulo ake mai Nkhanga anaima kuseri kwa nkhokwe, poti mpongozi sayang'anana ndi mkamwini, n'kuyankhula ndi mwana wawo Nangondo mokweza mawu kuti ndi oyandikana nawo omwe amve.

"Nangondo, uwauze amunako kuti mbuzi ija inali ya malemu amayi anga. Mwezi uno ukafa isanabwere, iwonso aone msana wa njira. Amuna ali mbwee m'dziko muno, koma mkota ndinali nawo umodzi."

Nangondo anangoweramitsa mutu, misozi ili m'maso. Likongwe ankamukonda mkazi wakeyo, ndipo mawu aja anamulasa mumtima. Anagona ndi njala, ngakhale kuti kamwana ka mbuzi anakapatsa phala.

M'mawa mwake anapita kwa Nungu, n'kukhala pansi chapatali monga achitira munthu wopempha.

"Bambo mkonzi, mbuzi yanga yabedwa. Ndimati mulembe chizindikiro chake mu Mfuu. Khutu lamanzere n'locheka kawiri."

"Dzina?"

"Likongwe."

"Udindo wanu m'bungwe?"

"Ndilibe."

"Mbuzi n'njanu?"

"Ndi ya apongozi. Anandiikiza."

Nungu anaika munga pansi n'kumuyang'ana ngati wamupempha mkazi. "Tsamba langa ndi limodzi, achimwene. Mlungu uno muli mawu a Wapampando, a Wachiwiri kwa Wapampando, ndi a Wachiwiri kwa Wachiwiriyo. Ndichotse ndani kuti mulowe inu ndi mbuzi yobwereka? Musade nkhawa, Lachinayi alonda akagwira njira ya kumpoto. Ndalemba kale."

Lachinayi alonda ananyamukadi, Njiri patsogolo, mikondo ili m'mwamba. Anali ndi nyimbo yawo imene Njiri ankaitsogolera ndi mawu a m'mphuno, yonena kuti wakuba akonzeretu manda ake poti amuna atuluka, ndipo gulu linkavomera ndi liwu limodzi lalitali n'kuponda pansi kawiri. Inali nyimbo yokoma, yomveka mpaka tsidya. Iwo akuimbira kumpoto, mbuzi zinayi zinatuluka cha kummwera. Lachiwiri lotsatira Mfuu inalemba kuti akuba athawa njira ya kumpoto chifukwa cha mantha, zimene sizinali zabodza kwenikweni, popeza kumeneko sanapiteko n'komwe.

Tsiku limenelo Likongwe sanayang'ane tsamba, poti dzina lake panalibe. Anakhala pambali n'kumayang'ana owerenga. Anaona kuti onse akungofuna mayina awo, kupatula mmodzi: Nkhandwe, njonda ya tsidya, imene inkabwera kumsika Lachiwiri lililonse koma osagula kanthu. Iyeyu ankawerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi, chala chikutsata mzere, milomo ikugwedera. Atamaliza anagwira Nungu chanza ndi manja awiri.

"Bambo mkonzi, cholembera chanu chisaume. Ine popanda Mfuu ntchito zanga sizingayende."

"Mwamva?" anatero Nungu, minga ili njo. "Mpaka kunja kwa dziko akutiwerenga."

Likongwe sanachedwe. Anathamangira kwa Njiri n'kumupeza akunola mano pachitsa.

"Achikulire, ndili ndi kamawu. Bwanji njira ya alonda isamalembedwe? Wakuba nayenso ali ndi maso."

Njiri anaseka mpaka mchira unaima. "Iwe, tikapanda kulemba, anthu adziwa bwanji kuti bungwe likugwira ntchito? Ukufuna tizivutika padzuwa mwakachetechete ngati akapolo? Komanso wakuba n'mbuli. Ukanakhala wodziwa kuwerenga ukanaba?"

"Nanga Nkhandwe uja..."

"A Nkhandwe ndi bwenzi la bungwe. Mkamwini asamakule mwendo, wamva? Pita ukalime kwa apongozi ako."

Mlungu umenewo alonda anagwira njira ya kummwera monga Mfuu inalengezera. Nyimbo inali yomweyo, kungoti Njiri anaonjezamo ndime yotchula dzina lake ndi la agogo ake, gulu n'kumavomera ndi kuponda pansi kawiri. Mbuzi zinatuluka cha kumpoto, ndipo ulendo uno mwa zobedwazo munali tonde wa Njiri mwini. Pamenepo ndiye bungwe linakwiya zenizeni. Analondola mapazi mpaka pamalire, Likongwe akutsatira kumbuyo, ndipo anaziona mbuzi zonse zikudya tsidya lija, mkota wakuda uli pakati, Nkhandwe atakhala pachulu akuziyang'anira. Nkhandweyo anawabayibitsa.

"Lamulo," anatero Ng'azi, atagona chopingasa panjira, diso limodzi lotseka.

Alonda anabwerera, ndipo Mfuu inalemba kuti bungwe lapeza kumene kuli mbuzi, chimene chili chipambano chachikulu. Mwezi unali utayamba kuchepa. Kamwana ka mbuzi kanali kataonda, nthiti zikuwerengeka, ndipo mai Nkhanga anali atayamba kale kupatsa moni wautali mbeta zachimuna za m'mudzimo.

Likongwe anakhala pakhomo la khola n'kuganiza. Choonadi anachipereka kawiri, kawiri konse anamubwezera. Anthu awa sankadya choonadi. Koma panali mmodzi amene Mfuu inali isanamunamizepo ngakhale kamodzi, amene ankaikhulupirira kuposa mlembi wake. Mbuzi sizikanatheka kukatengedwa, koma amene anaziwolotsa akanatha kuziwolotsanso.

Lolemba m'mawa anapitanso kwa Njiri. Ulendo uno anayamba kuwomba m'manja akadali kutali, n'kufika chokwawa.

"Achikulire, ndabwera kudzapepesa. Ndinkakuyesani munthu wamba, osadziwa kuti mukuphika nkhani yaikulu chonchi."

"Nkhani yanji?"

"Musandibisire, yamveka kale. Amalonda ochokera kuboma akuti inu mwaitanitsa Mlangizi Wamkulu wa Ziweto, uja kalata yake imagwira ntchito mbali zonse ziwiri za malire. Akuti afika Lachisanu pamphambano ya msewu waukulu, ndipo kuchokera pamenepo alunjika tsidya ndi asilikali ake, Mfuu ili m'manja, kukayang'ana makutu a mbuzi khola ndi khola. Wopezeka ndi mbuzi ya mwini, kundende. Wopezeka atacheka khutu chatsopano, kundende kawiri. Anthu akuti si wapampando aliyense angaitane munthu ngati ameneyo."

Za mlangizi Njiri anali asanazimvepo chibadwire. Koma kunena kuti sakudziwa, pamaso pa mkamwini, kunali kolemera kuposa bodza lililonse.

"Anthu sasunga chinsinsi," anatero akupukusa mutu. "Ndimafuna ndidzawadzidzimutse."

"Ndiye poti zaululika, kumulandira kwake kukhala kotani? Munthu wamkulu chotero akapeza pamphambano pali zii, adzati Wapampando alibe anthu."

"Mudzi wonse upita. Wotsala aliyense ndi mdani wa bungwe. Kaitane Nungu."

Nungu analemba mpaka msana unachita dazi. Lachiwiri tsamba lonse linali la mlangizi: tsiku lake, mphambano yake, mphamvu zake, ndi lamulo lakuti m'mudzi musatsale ngakhale nkhuku. Ng'azi atamva kuti mayina a olandira mlendo adzalembedwa, anati nayenso apita, malire angadzilondere okha tsiku limodzi, ndipo Nungu analemba zimenezonso. Nkhandwe anawerenga monga mwa masiku onse, koma atafika pakati chala chinaima. Anabwerezanso kuchokera pamwamba. Tsiku limenelo sanagwire aliyense chanza.

Lachisanu kutacha mudzi wonse unanyamuka utavala zapamwamba. Nyimbo ija anaisintha mawu, tsopano inkauza mlangizi kuti alowe ndi mtima pansi poti kuno kuli amuna, koma mavume ndi kuponda kuja zinali zomwezo. Mai Nkhanga anali kutsogolo kwa amayi akululutira. Kuti Likongwe watsala palibe anazindikira, chifukwa munthu amene dzina lake silili patsamba sasowa.

Iye anatsegula makola onse a m'mudzimo n'kuwasiya pululu. Kamwana ka mbuzi sanakapatse phala m'mawa umenewo, ngakhale kuti kulira kwake kunkamupweteka. Anakamangirira m'khola, n'kukwera padenga la nkhokwe kudikira.

Dzuwa lili paliwombo anamva misinde. Nkhandwe anali ataganiza monga aganizira wochenjera aliyense: lero tsidya kuli chipikisheni, kuno kulibe munthu, ndiye malo abwino obisa mbuzi ndi kuseri kwa mudzi wa eni ake, madzulo n'kuzibweza. Nzeru yake inali yabwino, kungoti moyo wake wonse anazolowera kuthamangitsa mbuzi kuchokera kwawo. Anali asanayendetsepo mbuzi yolunjika kwawo.

Mkota wakuda ndiwo unayamba kumva kulira kwa kamwana kake. Unaimika makutu, unayankha kamodzi, n'kuliyatsa liwiro. Zinzake zitaona njira zimene zinakuliramo, gulu linaphulika ngati chimanga chokazinga, iyi uku, iyo uko, iliyonse kukhola la kwawo. Nkhandwe anathamangira tonde wa Njiri, n'kumusiya kuti agwire mkota, n'kuusiya kuti atsekereze zina zitatu. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Likongwe anatsika n'kumayenda khola ndi khola akubwezera mipiringidzo, osafulumira n'komwe.

Anakumana pakati pa bwalo, Nkhandwe lilime lili panja.

"Takulandirani, owerenga athu," anatero Likongwe. "Mwatithandiza. Mbuzi zimenezi zikanatilemera."

"Iwe watsala bwanji? Mfuu inati m'mudzi simutsala munthu."

"Ine si munthu, funsani mkonzi."

"Mlangizi ali kuti? Wawoloka kale?"

Likongwe analoza kumsewu, kumene kunkaoneka fumbi. "Wasintha maganizo. Akuti ayambe wadzera kuno. Mukufuna mumudikire mupatsane moni?"

Nkhandwe sanadikire. Anawoloka malire osakhudza pansi, ndipo akuti mpaka kufa kwake ankadandaula kuti dziko laipa, nyuzipepala zayamba kunama.

Fumbi lija linali la olandira mlendo. Anali ataima pamphambano tsiku lonse opanda chakudya, akugwadira aliyense wodutsa wovala chipewa. Pobwerera nyimbo inali itafa, ankangoimba Njiri yekha, wovomera palibe, ndipo kumbuyo kwake anthu ankang'ung'udza mawu amene salembedwa mu nyuzipepala. Koma atalowa m'mudzi n'kumva mee mee khola lililonse, anaiwala njala. Njiri anayang'ana uku ndi uku, ndipo pa chinthu chimodzi chokha anali wachangu.

"Mwaona?" anatero atakwera pamtondo. "Dzina lokha la mlangizi wanga labweza mbuzi. Ndinadziwa ine."

"Nanga mwini wakeyo ali kuti?" anafunsa wina.

"Wachedwa panjira. Akubwera. Nungu, lemba."

Chipambano chotere chinkafuna phwando, phwando linkafuna nyama, ndipo panalibe mkulu wa bungwe amene ankafuna kuti nyamayo ichokere m'khola mwake. Anagwirizana zoyendera makola ndi tsamba lakale la zizindikiro m'manja kuti aone ngati mbuzi iliyonse ili kwa mwini wake. Zonse zinapezeka patsamba. Atafika pa khola la Likongwe anapeza mkota wakuda ukuyamwitsa, Nungu n'kuyendetsa chala kuchokera pamwamba mpaka pansi.

"Khutu lamanzere locheka kawiri. Mulibe. Mbuzi iyi ilibe mwini."

"Yopanda mwini ndi ya bungwe," anatero Njiri. "Bweretsani mpeni."

"N'njanga imeneyo," anakuwa mai Nkhanga. "Mudzi wonse ukuidziwa. Taonani mwana wake akuyamwa."

"Mayi, ife sitiyendera zodziwa mudzi, timayendera zolembedwa. Kamwanako nakonso sikali patsamba. Mukalimbikira tikaphatikiza."

Anthu amene anaidziwa mbuziyo kuyambira ili yaing'ono anayang'ana pansi, chifukwa anali ndi njala ndipo mbuziyo inali yonona. Mai Nkhanga anaiwala mwambo, anatembenuka n'kumuyang'ana mkamwini wawo m'maso koyamba chikwatirire. "Bwanji simunakailembetse? Ikafa iyi, musagone m'mudzi muno."

Chingwe chinali kale m'khosi mwa mkota. Likongwe anamva mantha enieni, oposa aja anamva tsiku limene unabedwa, popeza wakuba anausunga wamoyo masabata atatu, pamene oteteza ankafuna kuumaliza tsiku lomwelo. Anadzikakamiza kumwetulira, n'kugwada pamaso pa Njiri.

"Achikulire anena zoona, ilibe mwini. Ine ndikungoopera inu. Bambo mkonzi, tawerengani zimene Wapampando ananena Lachiwiri. Woweruza za makutu a mbuzi ndani?"

Nungu, amene sankakana mpata wowerenga zolemba zake, anakweza mawu. "Mlangizi Wamkulu yekha, woitanidwa ndi Wapampando."

"Ndiye mlendo wanu akafika mawa n'kumva kuti mbuzi ya mlandu mwadya iye asanaione, adzati chiyani? Uja amamanga kawiri chifukwa cha khutu lokha, nanga mbuzi yathunthu?" Anaima pang'ono, n'kutsitsa mawu, koma osati kwambiri. "Pokhapokha ngati sakubwera. Inu ndi amene mukudziwa, poti munamuitana ndinu. Ngati kulibe mlangizi, ingonenani pano anthu amve, tiphe mbuzi."

Anthu amene anapsa ndi dzuwa tsiku lonse pamphambano anatukula mitu n'kuyang'ana Njiri, ndipo Nungu anazula munga watsopano n'kuuviika. Njiri anayang'ana mbuzi, anayang'ana mungawo, kenako anayang'ana Likongwe nthawi yaitali. Pamenepo m'pamene anazindikira kumene kunachokera amalonda a kuboma aja.

"Akubwera," anatero. "Ndani wati sakubwera? Masulani chingwe. Mbuziyi isungidwe mpaka afike."

"Asunge ndani, achikulire? Kusunga mbuzi ya boma n'chintchito."

"Iweyo. Ndipo ikasowa uona."

"Ndayamika. Mkonzi, lembani, kuti pasadzapezeke woitenga mlangizi asanafike."

Umo ndi mmene dzina la Likongwe linalowera mu Mfuu, pansi penipeni, m'zilembo zazing'ono. Phwando linachitika ndi tonde wa Njiri, chifukwa anthu anali atanola kale mipeni ndipo wina anayenera kuonetsa chitsanzo.

Madzulo mai Nkhanga anabwerera kuseri kwa nkhokwe yawo. "Nangondo, uwauze amunako kuti akhale. Koma mawa alawire kukathokoza a Wapampando, poti popanda iwo mbuzi sikanabwera. Ena amangodya, anzawo akugwira ntchito." Nangondo anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka ndi kuseka, ndipo Likongwe anavomera mwaulemu kuti apita.

Mkota uja unaswa, ana ake anaswa, mpaka khola la mai Nkhanga linakulitsidwa katatu. Zonsezo zinali mbuzi za mlandu, zodikira mlangizi, ndipo panalibe wa bungwe amene akanazikhudza. Njiri akakumana ndi Likongwe panjira ankapatukira kutchire, koma Likongwe sankalephera kumufunsa mokweza, mwaulemu wonse, kuti mlendo uja wafika pati. Lachiwiri lililonse Mfuu inkalemba kuti ali m'njira.

Nthano yanga yathera pamenepa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akafukule adye, asadikire mlangizi.